Oomba Nsaru a ku Lancashire ndi Ndarama Zao

Thonje limene makolo athu analikulima m'chigwa cha Shire, lina linaoloka nyanja kunka ku Lancashire, m'dziko la England. Tiyeni tikambirane za anthu amene analikuomba nsaru kumeneko.

M'midzi ya Burnley ndi Blackburn, zaka zoyandikira 1900, mkazi sanali kuleka nchito atakwatiwa. Mamawa analikupita ndi mwamuna wake ku nyumba ya makina, yense nayang'anira makina ake. Ndipo popeza analipidwa monga mwa kuchuluka kwa nsaru, mphotho ya mkazi inatsala pang'ono kulingana ndi ya mwamuna. Tsono banja latsopano lopanda mwana linali ndi matumba awiri ndi pakamwa pawiri pokha.

Nanga ndaramazo zinapita kuti? Zina zinathera pa chakudya chophikaphika, makamaka nsomba ndi mbatata zokazinga, pakuti mkazi wofika madzulo atatopa sakhumba kusonkha moto, ife sitimtsutsa. Zina anagulira mipando ndi zobvala za pa Sabata. Ambiri analikugula m'masitolo a chigwirizano, onga lija linayamba ku Rochdale mu 1844, m'mene phindu limabwerera kwa wogula monga mwa zimene anagula.

Koma chimene anachikonda koposa ndicho ulendo. Chaka ndi chaka makina a mudzi wonse analikuima sabata lathunthu, popanda malipiro. Chifukwa chake anthu analikusonkha pang'onopang'ono m'mabungwe osungira ndarama, ndipo tsiku litafika anazitenga zonse, nakwera sitima kunka ku Blackpool, mudzi wa m'mbali mwa nyanja, kumene njanji inafika mu 1846, ndi nsanja yake yaitali inatsegulidwa mu 1894. Zosunga za chaka chonse zinatha m'masiku asanu ndi awiri, iwo nabwerera okondwa. Kalembera wa 1911 anaonetsa kuti mabanja a oomba nsaru anali ndi ana owerengeka poyerekeza ndi a okumba malasha. Tiganiza kuti ena anazengereza dala, podziwa kuti mwana akabadwa adzalipira nkhalamba yomlera, kapena thumba limodzi lidzauma.

Choopsa chinali chakuti matumba onse awiri anatunga pa chitsime chimodzi. Kuyambira 1921 malonda a nsaru anagwa, pakuti India ndi Japan analikuomba zaozao. Pamene Gandhi anacheza ku Darwen mu 1931, anapeza makina ambiri ali chete, ndi m'nyumba zambiri mwamuna ndi mkazi omwe atakhala pansi opanda nchito.