MADZI, MCERE NDI SHUGA

Ambiri a ife tinacezerapo usiku wonse cifukwa ca ndiwo zogona. Munthu aweruka ku nchito ali ndi njala, apeza mkute ndi nsomba za dzulo, nadya osatenthetsa. Patapita maola ocepa mseru wayamba, m'mimba mupotokola, asanza ndi kutsegula. Kawiri-kawiri nthenda yotere imatha yokha pa masiku awiri kapena atatu, koma ena afa nayo, makamaka ana ndi nkhalamba. Cowapha si kupotokola kuja ai, koma kutha kwa madzi m'thupi. Nzeru imeneyi ioneka yapafupi lero, koma madotolo anaifuna-funa zaka zoposa 130, ndipo ndiyo mbiri imene nditi ndikambe.

Cimene cinawaphunzitsa ndi kolera, nthenda imene itsegula m'mimba koposa zina zonse. Pamene inafika ku England m'caka ca 1831, madotolo anali kuceka mitsempha ya odwala ndi kucotsa mwazi, namawapatsanso mankhwala otsegula m'mimba. Motero anali kukama munthu wouma kale. Dotolo wina wacinyamata, William O'Shaughnessy, anapima mwazi wa odwalawo napeza kuti cimene casowamo ndi madzi ndi mcere. M'caka ca 1832 Thomas Latta, dotolo wa ku Leith m'dziko la Scotland, anayesa kulowetsa madzi a mcere mu mtsempha. Ena amene anali pafupi kutsirizika anatsegula maso nayamba kulankhula, koma ambiri anafabe. Latta anamwalira mu 1833, ndipo njira yace inaiwalika kwa nthawi yaitali.

Pambuyo pace njirayo inakonzedwa bwino, ndiyo diripi ija tiiona m'zipatala. Koma diripi ifuna botolo, singano, madzi oyera kotheratu ndi munthu wophunzira. Nanga wodwala wa kumudzi, kutali ndi cipatala, akanatani? Kumwa madzi a mcere okha sikunathandize, pakuti matumbo odwala sanali kuwalandira. Yankho linayamba kuoneka mu 1960, pamene Robert Crane wa ku America analongosola kuti m'matumbo mcere ukatsagana ndi shuga umalowa m'thupi, madzi nawo natsatira pambuyo. Mu 1968, ku Dhaka, madotolo David Nalin ndi Richard Cash anasonyeza kuti odwala kolera angathe kucira mwa kumwa madzi osakanizidwa cotero.

Umboni waukuru unaoneka mu 1971, pa nkhondo imene inabala dziko la Bangladesh. Anthu miyanda-miyanda anathawira ku India, ndipo kolera inabuka m'misasa yao. Ku Bangaon, Dotolo Dilip Mahalanabis anaona kuti mabotolo a diripi atha, odwala ali gone-gone pansi. Analamula kuti asungunule mcere, soda ndi shuga m'migolo ya madzi, napatsa abale a odwala zikho kuti aziwamwetsa okha. Kale pa odwala 100 anali kufa ngati 30, koma tsopano akufa sanafike 4. Kuyambira mu 1980 akazi a bungwe la BRAC anayenda khomo ndi khomo m'Bangladesh, naphunzitsa amai mamiliyoni kusakaniza madziwo pa nyumba. Ndiwo ORS amene apatsidwa m'timapaketi ku kiliniki, ndipo anagwira nchito yaikuru kwathu kuno mu 2024, pamene bwalo la Heroes mu Lusaka linasanduka cipatala ca kolera.

Tsono, abale anga, cakudya cikakupwetekani, kumbukirani mbiri iyi. Musaleke kumwa poopa kusanza. Mukasanza, dikirani mphindi 10, ndipo yambaninso pang'ono-pang'ono, ndi supuni ngati kuli kofunika. Paketi ya ORS isungunulidwa m'lita imodzi ya madzi owiritsa ndi kuziziritsa. Ngati palibe paketi, thirani m'lita imodzi masupuni ang'ono 6 a shuga osasefukira, ndi theka la supuni yaing'ono ya mcere. Musaonjezere mcere, pakuti ukacuruka uononga. Madziwo asawawe koposa misozi. Mowa ulekeni. Mseru ukacepa idyani phala lopepuka, ndipo mwana woyamwa apitirize kuyamwa.

Koma pali zizindikiro zimene sizilola kucedwa: mwazi m'cimbudzi, thupi kutentha kwambiri, maso kulowa m'kati, mkodzo kusowa, kusanza kosalekeza kotero kuti madzi sakhala, kapena cimbudzi coyera ngati madzi otsukira mpunga. Mukaona cimodzi ca izi, nyamulani wodwala kunka naye ku cipatala, muli kummwetsa m'njira monse. Mwana wakhanda, mai wapakati ndi nkhalamba asadikire kuti kuce.

Latta anafa osaona zipatso za nchito yace, ndipo ambiri anaikidwa m'manda nzeru iyi isanadziwike. Ife tiri nayo pafupi, m'mbale ya mcere ndi m'citini ca shuga.