Feira, Mzinda Wakale wa Apwitikizi

Munthu wocokera ku Lusaka pa mseu waukulu wa kum'mawa, akapitirira Rufunsa, atsika mapiri a dziko la Asoli kufikira pa ulalo wa Luangwa. Apaulendo ambiri angogulapo nsomba zouma naoloka, osadziwa kuti mseu wopatukira ku dzanja lamanja upita ku mudzi umene unamangidwa kale kwambiri Lusaka asanakhalepo. Mudziwo uli pa mtunda wa mamailosi oposa 50 kucokera pa ulalo, pomwe Luangwa athira m'Zambezi. Masiku ano auchula Luangwa, koma dzina lake lakale ndilo Feira, ndiko kunena kuti msika m'cinenero ca Apwitikizi.

Mbiri ya Feira iyambira kutsidya. Ca m'ma 1720 munthu wina wamalonda wocokera ku Goa m'dziko la India, dzina lake Francisco Pereira, anakhazikitsa msika pa Zumbo, kum'mawa kwa Luangwa, ndipo pambuyo pake ena anaoloka namanga nyumba zao tsidya lino. Anasankha bwino malo, pakuti masiku amenewo mtsinje ndiwo unali mseu. Mabwato ocokera ku Tete anali kudza ndi nsaru ndi mikanda, nabwerera ndi golidi wa ku dziko la Changamire, minyanga ya njobvu ya m'cigwa ca Luangwa, ndi mkuwa wa kumpoto. Eni cuma sanali kuyenda okha ai. Anali kukhala pakhonde, natuma anchito ao kukagula m'midzi yakutali. Pa Zumbo panalinso wansembe wa cipani ca Dominiko, Frei Pedro, amene anakhalapo zaka zambiri nachuka cifukwa ca mankhwala ake.

Koma cuma ca msika citsata mtendere wa m'njira. Nkhondo ndi cilala zitasokoneza maiko ozungulira, malonda anazilala, ndipo m'caka ca 1836 Apwitikizi anacokapo. David Livingstone atafika pa mathiriro a Luangwa pa 14 January 1856, anapeza mabwinja okha okha. Pakati pa miyala yogumuka anazindikira chalichi, ndipo pambali pake panali belu losweka lokhala ndi mtanda ndi malemba akuti IHS. Madzulo amenewo anali ndi nkhawa, poganiza kuti anthu a Mfumu Mburuma adzamthira nkhondo pooloka. M'mawa mwake anambwereka bwato limodzi lokha. Iye anatsalira pagombe, nasangalatsa amuna a mikondo powaonetsa wochi yake ndi galasi lotentha nalo, kufikira anthu ake onse ataoloka. Pomwepo anawathokoza nalowa m'bwato.

Apwitikizi anabweranso m'zaka za m'ma 1860, ndipo nthawi imeneyi ndiyo inawawa koposa. Mphamvu siinali m'manja a Boma la ku Lisbon, koma m'manja a eni mfuti monga José do Rosário Andrade, wochedwa Kanyemba, ndi José de Araújo Lobo, wochedwa Matakenya. Ankhondo ao ndiwo Acikunda, amene makolo ao anali akapolo onyamula zida pa minda ya Apwitikizi kunsi kwa Zambezi, alenje a njobvu odziwa ndithu. Iwowa anakwera Luangwa ndi Lunsemfwa kufuna minyanga, ndipo minyanga ikasowa anali kugwira anthu. Ansenga, Asoli, Alala ndi Alenje analawa zowawa zimenezi, kotero kuti midzi yambiri inasiya minda ya m'cigwa nikabisala m'mapiri. Wofuna kutama nyumba za miyala za pa Zumbo ayenera kuyamba wafunsa amene analipira mtengo wake.

M'caka ca 1887 panafika Mngelezi wocokera ku South Africa, John Harrison Clark, amene anthu anamucha Changa-Changa. Anakhala pa Feira, nasonkhanitsa asilikari akeake, nalimbana ndi ogwira akapolo, koma iyenso anali kulandira mitulo ngati mfumu. British South Africa Company itatenga dziko inakana ufumu wakewo, ndipo anamwalira ku Broken Hill, ndiko ku Kabwe, m'caka ca 1927. Pangano la Angelezi ndi Apwitikizi la m'caka ca 1891 ndilo linasandutsa mtsinje malire, kotero kuti Zumbo ndi Feira, amene anali ngati mudzi umodzi, anagwera m'maiko awiri. Ansembe a Cijezuiti atapitikitsidwa ku Miruru pafupi ndi Zumbo, pambuyo pa kugwa kwa ufumu wa ku Portugal m'caka ca 1910, anaoloka namanga mishoni ya Katondwe, imene cipatala cake cithandiza anthu kufikira lero.

Feira anakhala Boma, ndiponso dooko la amuna opita ku nchito ku Southern Rhodesia. Cimene cinamcepsa si nkhondo, koma mseu. Ulalo woyamba wa Luangwa utatsegulidwa m'zaka za m'ma 1930, katundu ndi anthu anayamba kudzera ku Rufunsa pa galimoto, ndipo mudzi wa pa mathiriro unatsala kumapeto kwa njira yopatuka.

Mlendo wofikako tsopano akaima pagombe aona maiko atatu pamodzi: Zambia pomwe waponda, Mozambique kutsidya kwa Luangwa, ndi Zimbabwe kutsidya kwa Zambezi, kumene kuli mudzi wochedwabe Kanyemba. Eni malo amlozera mlambe waukulu umene anena kuti akapolo anali kuwasonkhanitsa patsinde pake podikira mabwato. Zidzukulu za Acikunda zikhala pansi pa Mfumu Mphuka, nizicita mwambo wao wa Dantho. Ansenga a Mfumu Mburuma acita wao wa Mbambala. Asodzi a mitundu iwiriyi aponya maukonde m'madzi amodzi, ndipo nsomba zao zikwera mseu kukagulitsidwa pa ulalo.