Makina Oyenda Okha Pansi pa Madzi

Aphunzitsi ndi ana nonse, phunziro lathu la mbiri lero likunena za maloboti. Sitikunena maloboti a pamsewu aja amene amaimitsa magalimoto m'mizinda ya Kitwe ndi Ndola, iyayi. Tikunena makina amene munthu amawapanga ndi kuwapatsa malangizo, kenaka n'kuwasiya kuti akagwire ntchito okha pansi pa madzi. Mwina wina afunsa kuti, "Ife a m'dziko la Zambia tilibe nyanja yamchere, nanga nkhani imeneyi itikhudza bwanji?" Yankho lake lili pansi pa nthaka ya kwathu konkuno ku Copperbelt, ndipo m'pamene tiyambire.

Makolo a m'dera lino anali kukumba ndi kusungunula mkuwa kalekale Azungu asanafike. Koma migodi yaikulu inayamba pambuyo pa chaka cha 1902, pamene William Collier anapeza miyala ya mkuwa pa Bwana Mkubwa, pafupi ndi Ndola. Mgodi wa Nkana unayamba kutulutsa mkuwa mu 1932, ndipo mzinda wa Kitwe unakhazikitsidwa pambali pake mu 1936. Amuna ambiri ochokera kum'maŵa kwa dziko lino ndi ku Nyasaland, dziko limene tsopano ndi Malaŵi, anabwera kudzagwira ntchito. Pamene anali kukumba mozama, anakumana ndi mdani amene sagona tulo, ndiye madzi. Mgodi wa Konkola, ku Chililabombwe, ndi umodzi mwa migodi ya madzi ambiri pa dziko lonse lapansi: mapampu ake amatulutsa malita oposa 300 miliyoni tsiku lililonse.

Akulu anati madzi saiŵala khwaŵa. Pa 25 September 1970, matope a zotsalira za miyala ya mkuwa, amene anali kutayidwa pamwamba pa mgodi wa Mufulira, anaboola nthaka ndi kukhuthukira m'njira za pansi. Anthu 89 anafa. Ku Luanshya nakonso, mbali ina ya mgodi inakhala yomira kwa zaka zoposa 20, kufikira pamene ntchito yopopa madziwo inayamba mu 2024.

Mgodi ukadzala madzi, mainjiniya amafuna kudziŵa ngati denga lagumuka, ngati njira zatsekeka, ndi ngati madziwo ali ndi poizoni. Koma adzapita ndani kukaona? Pansi pamenepo pali mdima wa ndiwe yani. Kuwonjezera apo, madzi amalemera: munthu akatsika mamita 10, madzi amamkanikiza ndi mphamvu yonga ya mwala wa kilogalamu imodzi pa kachigawo kalikonse ka thupi kofanana ndi chikhadabo. Akatsika mamita 100, mphamvuyo imachuluka kakhumi. Kumene munthu sangapite n'kubwerako wamoyo, n'kofunika kutumako makina.

Mbiri ya makina otere ndi yaitali ndithu. Mu 1898, mumzinda wa New York, Nikola Tesla anaonetsa anthu kaboti kamene iye anali kukayendetsa ali patali, pogwiritsa ntchito mafunde a wailesi. Koma mafunde a wailesi sayenda patali m'kati mwa madzi, motero makina akangomira, mwini wake sangathe kulankhula nawo mwa njira imeneyi. Akatswiri anapeza njira ziŵiri. Yoyamba ndiyo kumangirira makinawo ku nthambo yaitali imene munthu amatumiziramo malamulo. Yachiŵiri, imene ili yovuta koposa, ndiyo kuwapatsa nzeru zoti adzitsogolere okha. Mu 1957, akatswiri a pa yunivesite ya Washington, ku Seattle, anapanga makina otchedwa SPURV, amene amaŵerengedwa kukhala oyamba a mtundu wachiŵiriwu. Anali kutha kumira mamita 3,000 popanda nthambo.

Makina otere amadziŵa bwanji kumene akupita? Ali ndi kampasi yosonyeza mbali, ndi kachipangizo koyeza kulemera kwa madzi kamene kamawauza kuya kumene afika. Ali ndi kamera ndi nyali. Koposa zonse amadalira phokoso, monga momwe mleme umachitira usiku: amatumiza kulira, n'kumvetsera kubwerera kwake. M'madzi phokoso limathamanga mamita pafupifupi 1,500 pa sekondi imodzi, liŵiro loposa kanayi la mumpweya. Kompyuta yaing'ono imasonkhanitsa zonsezi ndi kulamula timainjini toyendera batire.

Kwa zaka zambiri luso limeneli linali la asilikali a pamadzi ndi mabungwe olemera okha. Zinthu zinayamba kusintha mu 1998, pamene mpikisano wa ophunzira a m'mayunivesite unachitika koyamba ku Panama City, m'chigawo cha Florida ku America. Magulu anali oŵerengeka chabe, ndipo opambana anali a sukulu ya MIT, ndi makina awo otchedwa ORCA. Mpikisanowu, umene tsopano umatchedwa RoboSub, unakhala ukuchitika kwa zaka zambiri padziŵe lalikulu loyeserapo zida ku San Diego. Pambuyo pake panabadwa wina wa maboti oyenda okha pamwamba pa madzi, RoboBoat, mu 2008, ndi winanso wa maboti aakulu, RobotX, umene unayambira ku Singapore mu 2014.

Lamulo lalikulu la RoboSub n'lakuti loboti ikangoyamba ulendo wake, ophunzira saloledwanso kuitsogolera. Iyenera yokha kudutsa pachipata chomizidwa, kupeza zinthu za mitundu imene yauzidwa, kuponya tizizindikiro m'mabokosi oyenera, ndi kulondola kulira kwa kachipangizo kobisika pansi pa dziŵe. Ophunzira amaima pamtunda, manja lende, kuyang'ana ntchito yawo ya chaka chathunthu. Kabowo kamodzi kosamatidwa bwino n'kokwanira kuloŵetsa madzi ndi kutentha kompyuta. Kulakwitsa kumodzi m'malangizo n'kokwanira kusocheretsa loboti. N'chifukwa chake gulu lililonse limagaŵana ntchito: ena amaumba thupi la makina, ena amalumikiza mawaya, ena amalemba malangizo. Mutu umodzi susenza denga.

Poyamba opambana anali a ku America okhaokha. Koma luso silikhala pakhomo limodzi. Mu 2018 ndi 2019 anapambana ndi ophunzira a yunivesite ya zauinjiniya ya ku Harbin, ku China, mzinda umene uli kutali ndi nyanja yamchere. Mu 2022 anapambana ndi a yunivesite ya dziko la Singapore.

Ntchito ya makina ameneŵa sithera pa mipikisano. Mu 2022, maloboti ochokera m'sitima ya ku South Africa yotchedwa S.A. Agulhas II anapeza sitima ya Endurance, imene inamira mu 1915 kufupi ndi Antarctica, ili pansi pa madzi mamita 3,008. Koma chitsanzo chotiyandikira koposa ndi ichi. Kuyambira mu 2016, mayunivesite ndi mabungwe a ku Ulaya, motsogozedwa ndi yunivesite ya Miskolc ku Hungary, anapanga loboti yobulungira ngati mpira waukulu yotchedwa UX-1, yoti idziloŵa m'migodi yomira. Mu 2019 anaitsitsira mumgodi wa mkuwa wa Ecton ku England, umene unadzala madzi m'zaka za m'ma 1850. Inajambula njira zimene palibe munthu wamoyo anali ataziona.

Tsono onani mmene nkhani ija yabwererera kwathu. Migodi yomira tili nayo. Nyanja zozama zozingidwa ndi miyala tili nazo, monga ya Chilengwa pafupi ndi Ndola ndi ya Kashiba ku Mpongwe. Tilinso ndi mtsinje wa Kafue. Mu February 2025, damu la zotsalira za mgodi linaphulika ku Chambishi, madzi a asidi anatsikira mumtsinje wa Mwambashi mpaka mu Kafue, nsomba zinafa, ndipo madzi a m'mipope mu Kitwe anatsekedwa. Boti laling'ono loyenda lokha, loyeza madzi usana ndi usiku, lingathandize kuchenjeza anthu msanga pa tsoka lotere. Malo ophunzirira luso lake aliponso: yunivesite ya Copperbelt, imene inakhazikitsidwa ku Kitwe mu 1987, ndi koleji ya zaumisiri ya NORTEC ku Ndola. Ndipo kuyambira mu 1968, makalabu a JETS akhala akuzoloŵeretsa ana a sukulu kupanga zinthu ndi kupikisana.

M'mera m'poyamba. Aphunzitsi, sabata ino yesani zinthu ziŵiri ndi ana anu. Choyamba, boolani botolo la pulasitiki mabowo atatu, lina pamwamba, lina pakati, lina pansi, ndipo mulidzaze madzi. Ana aone bowo limene likutulutsa madzi mwamphamvu, ndipo afotokoze chifukwa chake. Chachiŵiri, gaŵani ana m'magulu, gulu lililonse lithire mchenga pang'onopang'ono m'kabotolo kotsekeka, kufikira katatsala pang'ono kumira m'ndowa ya madzi koma kosagunda pansi. Ophunzira a ku mipikisano ija amalimbana ndi vuto lomwelo asanamize loboti yawo. Gulu lililonse lilembe zimene layesa, zolephereka zomwe.

Ndipo ana inu, zoyesa zanu zithere m'ndowa. Musasambe kapena kuseŵera m'maenje akale a migodi ndi m'madamu a zotsalira, pakuti kuya kwake sikuoneka ndi maso. Kumeneko n'kwa makina, amene ena mwa inu mudzapanga mukadzakula.