Psilocybin: Kukonzekera Kulandira Koyamba Pamaso pa Dokotala

Psilocybin ndi mankhwala opezeka m'mitundu ina ya bowa, amene amasintha kaonedwe ka zinthu ndi kaganizidwe ka munthu kwa maola 4 mpaka 6. Bowayo ngosiyana ndi tente wogulitsidwa ku Kamwala m'nyengo ya mvula.

Kuyambira pa 1 July 2023, dziko la Australia limalola madokotala ena a zamaganizo kupereka mankhwalawa kwa odwala nkhawa yozama imene yakana mankhwala ena.

Kumene kuli cilolezo cotere, wodwala amayamba wapimidwa mtima ndi kuthamanga kwa magazi. Amaulula ngati iye kapena m'bale wake anadwalapo misala, ndiponso mankhwala onse amene akumwa, pakuti lithium akaphatikizidwa ndi psilocybin angacititse munthu kukomoka ngati wakhunyu. Patsikulo amadya pang'ono, sasiyidwa yekha, sayendetsa galimoto, ndipo amakonzeratu womuperekeza kunyumba.

Pangano la United Nations la 1971 limaika psilocybin m'gulu loletsedwa kwambiri. Mu Zambia, lamulo la mankhwala osokoneza bongo limayang'aniridwa ndi Drug Enforcement Commission. Wovutika maganizo mu Lusaka apite ku cipatala ca Chainama Hills, asayese bowa wam'chire.