Njira yokhalira mphunzitsi wa Educação Visual: zofunika kwa achinyamata a ku Furancungo ndi Tsangano

M'maboma a Macanga ndi Tsangano muli achinyamata ambiri amanja aluso. Ena amalemba zikwangwani za magolosale pa Furancungo, ena amasema mipini ndi mitondo, ena amaumba mbiya kapena kuluka nkhata ndi madengu. Koma luso lokha silimupatsa munthu ntchito ya uphunzitsi m'sukulu za boma. Ku Mozambique mphunzitsi wa zojambula amalembedwa ntchito potengera mapepala a sukulu imene anatsiriza, ndipo njira yopezera mapepalawo imayambira ku sekondale.

Phunzirolo ndi lotani

M'sukulu za pulayimale phunziroli limatchedwa Educação Visual e Ofícios, ndipo limaphatikiza kujambula, kupaka utoto ndi ntchito zamanja monga kuumba, kuluka ndi kusoka. Ku sekondale limatchedwa Educação Visual. M'makalasi omaliza mulinso phunziro la Desenho e Geometria Descritiva, lomwe ndi kujambula koyeza ndi rula ndi kampasi, kofanana ndi kumene amagwiritsa ntchito akatswiri olemba mapulani a nyumba ndi makina.

Lamulo la zamaphunziro nambala 18/2018, la pa 28 Disembala 2018, linasintha kagawidwe ka makalasi. Pulayimale tsopano ndi kalasi 1 mpaka 6, sekondale ndi kalasi 7 mpaka 12, ndipo mwana aliyense akuyenera kuphunzira mpaka kalasi 9. Kuyambira mu 2023 kalasi 7 inasamukira ku sekondale. Kusinthaku kunachulukitsa ana amene akufunika aphunzitsi a phunziro lililonse palokha, kuphatikizapo Educação Visual.

Kukonzekera kuyambira ku sekondale

Chinthu choyamba ndi kutsiriza kalasi 12. M'makalasi omaliza a sekondale wophunzira amasankha gawo lake, ndipo amene akufuna uphunzitsi wa zojambula amapindula akasankha gawo lokhala ndi Desenho, lomwe limayendera limodzi ndi masamu ndi fizikisi. Apa ndi pamene ambiri amasocherera. Mnyamata wodziwa kujambula nkhope ya munthu ndi pensulo amaganiza kuti masamu sakumukhudza, koma pamayeso a Desenho amakapeza mafunso a mizere, makona ndi miyezo. Ngati sukulu yapafupi ilibe gawo limeneli, makolo ayenera kufunsa msanga ku ofesi ya zamaphunziro ya boma lawo, yotchedwa Serviço Distrital de Educação, Juventude e Tecnologia kapena SDEJT, kuti adziwe sukulu imene ili nalo. Ya boma la Macanga ili pa Furancungo.

Chachiwiri ndi Chipwitikizi. Mayeso olowera, maphunziro ndiponso buku lomaliza la kafukufuku zonse zimalembedwa m'Chipwitikizi. Malikisi amawerengedwa kuyambira 0 mpaka 20, ndipo 10 ndiye pokhozera, koma pamayeso olowera malo amakhala owerengeka, choncho amatengedwa ndi amene aposa anzawo.

Ndi bwinonso kusunga zojambula zonse m'chikwama chimodzi, chilichonse cholembedwa tsiku lake. Zimathandiza wophunzira kuona pamene akukula ndi pamene akulephera, ndipo sukulu zaluso zimafuna kuona zimene manja a munthu amatha.

Njira yoyamba: sukulu za aphunzitsi a pulayimale

Aphunzitsi a pulayimale amaphunzira ku Instituto de Formação de Professores, mwachidule IFP. M'chigawo cha Tete muli IFP ya mumzinda wa Tete, ya ku Angónia ndi ya ku Chitima, komanso sukulu ya bungwe la ADPP yotchedwa Escola de Professores do Futuro ku Chiúta. Kale kunali njira ya 10+1, yomwe munthu wa kalasi 10 ankaphunzira chaka chimodzi chokha. Masiku ano amafuna kalasi 12, ndipo pa njira ya 12+3 munthu amaphunzira zaka zitatu.

Wotsiriza ku IFP sakhala mphunzitsi wa zojambula zokha. Ku pulayimale mphunzitsi mmodzi amagwira maphunziro angapo, ndipo Educação Visual e Ofícios ndi limodzi mwa iwo. Ubwino wa njirayi ndi wakuti ili pafupi ndi kwathu ndipo ndalama zake n'zocheperapo. Aphunzitsi ambiri amayambira pamenepa, n'kudzapitiriza ku yunivesite ali kale pantchito.

Njira yachiwiri: yunivesite

Wofuna kuphunzitsa Educação Visual ku sekondale amafunika digiri yotchedwa licenciatura, yomwe imatenga zaka zinayi. Sukulu imene yakhala ikusula aphunzitsi a sekondale m'dziko muno ndi Universidade Pedagógica. Inayamba mu 1985 ndi dzina lakuti Instituto Superior Pedagógico, n'kukhala yunivesite mu 1995. Mu 2019 boma linaigawa pasanu: Universidade Pedagógica de Maputo, Save, Licungo, Rovuma ndi Púnguè. Ya Púnguè ndiyo imatumikira zigawo za Manica ndi Tete. Likulu lake lili ku Chimoio ndipo nthambi yake ili mumzinda wa Tete.

Si nthambi iliyonse imene imatsegula phunziro lililonse chaka chilichonse. Chaka ndi chaka yunivesite imatulutsa chikalata chotchedwa edital, momwe mumalembedwa maphunziro amene alipo, malo ake, chiwerengero cha ophunzira ofunika, mayeso oyenera kulemba, ndalama zolembetsera ndi masiku otsekera. Nthawi zambiri edital imatuluka chakumapeto kwa chaka ndipo kulembetsa kumachitika pa intaneti. Kwa munthu wa ku Chidzolomondo kapena ku Ntengo-wa-Mbalame, kumene netiweki imavuta, kuchedwa kumva za edital kumatanthauza kudikira chaka chathunthu. Ngati Educação Visual yatsegulidwa m'chigawo china, banja liyenera kuwerengeratu za ulendo, nyumba ndi chakudya, osati ndalama za sukulu zokha. Thandizo la boma kwa ophunzira limadzera ku Instituto de Bolsas de Estudo, ndipo nalo lili ndi masiku ake ofunsira.

M'zaka zinayizo wophunzira amaphunzira zinthu za mitundu iwiri. Mbali ina ndi luso lenilenilo: kujambula, utoto, kuumba ndi kusema, Geometria Descritiva ndi mbiri ya zaluso. Mbali inayo ndi uphunzitsi: maganizo ndi kakulidwe ka mwana, kakonzedwe ka phunziro ndi kayesedwe ka ophunzira. Chakumapeto amatumizidwa kukaphunzitsa m'kalasi yeniyeni moyang'aniridwa, zomwe amati estágio, kenaka kawirikawiri amalemba kafukufuku wotchedwa monografia n'kumuteteza pamaso pa aphunzitsi ake. Wosatsiriza gawo lomalizali salandira satifiketi, ngakhale atakhoza maphunziro ena onse.

Sukulu zaluso

Ku Maputo kuli Escola Nacional de Artes Visuais, yomwe inatsegulidwa mu 1983, ndipo ku Matola kuli Instituto Superior de Artes e Cultura, kapena ISArC, yomwe inakhazikitsidwa mu 2008. Sukuluzi zimasula akatswiri a zaluso. Wosankha njira imeneyi pofuna uphunzitsi afunse ngati maphunziro akewo ali ndi mbali ya kaphunzitsidwe, chifukwa polemba ntchito boma limasiyanitsa amene ali ndi maphunziro a uphunzitsi ndi amene alibe.

Chenjezo lina ndi la sukulu zolipira ndi zophunzirira kutali. Musanaperekedwe ndalama za fodya kapena za mbatata za chaka chonse, kholo lifunse ngati sukuluyo ndi phunzirolo n'zovomerezeka ndi boma. Bungwe loona za ubwino wa maphunziro apamwamba ndi Conselho Nacional de Avaliação da Qualidade do Ensino Superior, mwachidule CNAQ.

Amene anaphunzira ku Malawi

Macanga ndi Tsangano onse amachita malire ndi Malawi, ndipo alipo ana amene anaphunzira sekondale ku Dedza, ku Ntcheu kapena ku Lilongwe. Satifiketi ya MSCE siilandiridwa payokha ku IFP kapena ku yunivesite. Iyenera kupatsidwa kaye chikalata chosonyeza kalasi ya ku Mozambique imene ikufanana nayo, chotchedwa equivalência, ndipo ofesi yoona zimenezi ndi Instituto Nacional de Exames, Certificação e Equivalências, kapena INECE. Ntchitoyi imatenga nthawi, choncho iyambidwe edital isanatuluke. Dzina ndi tsiku lobadwa za pa satifiketi zifananenso ndi za pa chiphaso cha BI. Kusiyana kwa chilembo chimodzi kumatha kubwezetsa mapepala onse.

Kulowa ntchito

Ku Mozambique satifiketi ya IFP kapena ya yunivesite ndiyo umboni wakuti munthu ndi mphunzitsi, koma ntchito ya boma imapezeka kudzera mu mpikisano wotchedwa concurso, umene umalengezedwa ku SDEJT malinga ndi malo amene boma lapereka chaka chimenecho. Mapepala amene kawirikawiri amafunika ndi kalata yofunsira ntchito, BI, nambala ya msonkho ya NUIT, satifiketi yotsimikizidwa, chikalata cha registo criminal chosonyeza kuti munthu alibe mlandu, kalata ya kuchipatala ndi umboni wa kalembera wa usilikali. Wosankhidwa amadikira kuti mapepala ake avomerezedwe ndi Tribunal Administrativo.

Aphunzitsi amaikidwa m'magulu potengera maphunziro awo. Wa licenciatura ndi docente N1, wa bacharelato ndi N2, wa maphunziro apakati ndi N3, ndipo wa maphunziro oyambira ndi N4. Malipiro amatsata magulu amenewa. Malo a ntchito amakhala ochepa poyerekeza ndi otsiriza maphunziro, ndipo ena amadikira zaka asanaitanidwe. Wololera kukagwira kusukulu zakumidzi yakutali amakhala ndi mwayi woposa wofuna pa boma pokha.

Zimene mphunzitsiyu amakapeza m'kalasi

Sukulu zambiri zakumudzi zilibe utoto, mabulashi ngakhale mapepala okwanira. Mphunzitsi wodziwa ntchito yake amagwiritsa ntchito dongo la kudambo, makala, nsungwi, mlaza, makoko a chimanga ndi dothi lamitundu limene amayi amatsutsutira nyumba. Ndondomeko ya maphunziro ya mu 2004 inapatula gawo limodzi mwa magawo asanu a nthawi yophunzira kuti likhale la zinthu za m'deralo, ndipo apa mphunzitsi angathe kuitana woumba mbiya kapena wosema wa m'mudzi kuti aonetse ana ntchito yake. Kudziwa Chinyanja n'chuma china: Tete ndi chimodzi mwa zigawo ziwiri kumene kuphunzitsa m'zinenero ziwiri kunayesedwa koyamba, kuyambira 1993 mpaka 1997.

Zitsanzo zoonetsa ana sizisowa. Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamulengeza mu 2005 kukhala chuma cha anthu onse, ndi wa Achewa a ku Mozambique, Malawi ndi Zambia, ngakhale kuti za kudambwe zili ndi eni ake ndipo mphunzitsi wanzeru amayamba wafunsa mafumu. Kutsidya kwa malire, ku Dedza, kuli zojambula zakale za pamiyala ya Chongoni. Palinso Malangatana, amene anamwalira mu 2011, wosema Alberto Chissano, woumba Reinata Sadimba, ndi Naguib, wojambula wobadwira mumzinda wa Tete mu 1955, amene ntchito zake zili pamakoma a mumzinda wa Maputo.