Mbiri ya Nyimbo za Mau Anai ku Lusaka

Mphunzitsi ali yense amene anaimikapo ana m'mizere inai pansi pa mtengo, nawagawira mau oyamba, aciwiri, acitatu ndi a besi, adziwa kukoma kumene kumagwa pamene mau onsewo akomana pa mapeto a nyimbo. Kukoma komweko ndiko kunagwira mitima ya anthu a ku Lusaka kuyambira m'zaka za nkhondo yaciwiri ya dziko lonse kufikira pa nthawi ya ufulu, pamene timagulu ta amuna atatu kapena anai oimba mogwirizana mau tinali kumveka pa galamafoni ndi pa wailesi. Mbiri imeneyi kawirikawiri imasimbidwa monga ya oimba okha. Koma iri mbiri ya omvera omwe, pakuti ndiwo anagula mbale, nalemba makalata opempha nyimbo, nasunga m'mitima mwao zimene makampani sanasamale kusunga.

Mtsinje wa kuimba kotere unali ndi magwero atatu. Gwero loyamba linali mudzi. Anthu a m'dziko lino sanayembekeze Mzungu kuti awaphunzitse kusanganiza mau, pakuti pa mtondo, pa maliro ndi pa bwalo la gule wina anali kutsogolera, ena napolokezana naye, wina m'mwamba wina m'munsi. A. M. Jones, mbusa amene anaphunzitsa zaka zambiri pa St Mark's College ku Mapanza, anachera khutu ku zimenezi, ndipo m'buku lace la 1959 anaonetsa kuti mitundu ya anthu iri nazo njira zaozao za kugwirizanitsa mau. Gwero laciwiri linali sukulu ya mishoni. Kucokera pamene a Dutch Reformed anamanga pa Magwero m'caka ca 1899, ndi m'mishoni zina zonse, ana anaphunzira kuwerenga nyimbo mwa njira ya do, re, mi, imene mbusa wa ku England, John Curwen, anaifalitsa. Ndipo mnyamata woturuka m'sukulu yotere anali kudziwa kugwira liu lace osasokera nalo m'liu la mnzace. Gwero lacitatu linali galamafoni.

Mbale zimene zinatembenuza kaimbidwe ka anyamata a m'matauni zinacokera ku Amereka. Kumeneko ana anai a bambo mmodzi, ochedwa Mills Brothers, a ku Piqua m'dera la Ohio, anachuka m'caka ca 1931 ndi nyimbo ya "Tiger Rag". Iwo anali ndi gitala imodzi yokha, koma ndi milomo ndi manja ao anali kutsanza kulira kwa malipenga, kotero kuti womva anayesa kuti pali gulu lonse la zoimbira. Anzao a Ink Spots anatsatira ndi "If I Didn't Care" m'caka ca 1939. Kwa mnyamata wosauka wa ku Africa phunziro lace linali loonekeratu: wopanda ndalama ya lipenga akhoza kuimba ndithu, akakhala nao abwenzi atatu a makutu abwino.

Ku Johannesburg phunziroli linabala Manhattan Brothers, ndiwo Nathan Mdledle, Joe Mogotsi, Rufus Khoza ndi Ronnie Sehume, amene anajambula nyimbo zao ku kampani ya Gallo, naimba m'Cizulu, m'Cixhosa ndi m'Cisutu. Miriam Makeba anayamba kudziwika ali kuimba nao. Ku Salisbury kunabuka De Black Evening Follies ndi City Quads, ku Bulawayo Golden Rhythm Crooners. Mbale zao zinakwera kumpoto pa njanje, zina m'mabokosi a masitolo, zina m'masutukesi a anthu obwera ku Joni ndi ku Halale, zitakulungidwa m'bulangeti kuopa kusweka.

Kuyenera kukumbukira cimene mbale ya masiku amenewo inali. Inali yakuda, yolemera, yosweka msanga monga phale, ndipo inali kuzungulira kokwana 78 pa mphindi imodzi. Mbali iri yonse inali kusenza nyimbo ya mphindi zitatu cabe. Mwini galamafoni anali kupukusa ndi dzanja, nasintha nsingano kawirikawiri, cifukwa nsingano yobuntha inali kudya mbale. Oimba nao, pojambula, anali kuunjikana pa cotolera mau cimodzi, wa liu lalikuru ataima patali pang'ono. Ndipo mmodzi akaphonya, onse anali kuyambanso. Cifukwa cace nyimbo za nthawiyo ziri zazifupi ndi zosalala: zinaphikidwa masabata ambiri zisanafike pa makina.

Lusaka imene inalandira mbalezi inali mudzi wogawika. Boma litasamutsa likulu kucokera ku Livingstone m'caka ca 1935, Azungu anakhala ca kumtunda, ndipo pambuyo pace mayadi ao anafalikira ku Woodlands ndi ku Kabulonga. Anthu akuda anapatsidwa makomboni, monga Kabwata, kumene kunamangidwa tinyumba tozungulira ta udzu, toyenera mwamuna mmodzi wobwera kudzagwira nchito. Koma nyimbo siidziwa mpanda. Wophika ndi wolima maluwa ku mayadi anali kumva mbale za bwana wace usana, madzulo nakaziimbira anzace ku komboni. M'Kabwata munali Acewa, Ansenga, Angoni, Abemba, Atonga ndi Alozi, ndipo munthu mmodzi akakhala ndi galamafoni, khomo lace linali kusanduka bwalo tsiku la Sabata.

Cimene cinasandutsa Lusaka likulu la nyimbo ndico wailesi. Boma linayamba kuulutsa mau m'caka ca 1941, kuti anthu amve za nkhondo ndi za abale ao asilikari. Nkhondo itatha, Harry Franklin, mkuru wa zofalitsa nkhani za Boma, analimbikira kuti nyumba ya wailesi ya ku Lusaka ikhale ya anthu akuda a maiko atatu, Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland. Ndipo inachedwa Central African Broadcasting Station. Bvuto linali lakuti anthu analibe mawailesi. Franklin anafunafuna kampani yopanga wailesi yochipa, mpaka a Ever Ready anabvomera. M'caka ca 1949 inafika wailesi yochedwa Saucepan Special, yobiriwira ngati thambo, yooneka ngati sefuliya yopanda cogwirira, mabowo ace atatsekedwa ndi kansengwa ka waya kuti mphemvu ndi ciswe zisalowe. Mtengo wace unali mapaundi 5, ndi batire la masheleni 25. Zinali ndalama zambiri kwa wanchito wamba, koma aphunzitsi, akalaliki, amasitolo ndi a ku migodi anagula, ndipo wailesi imodzi inali kudyetsa makutu a mudzi wonse.

Pa nyumba ya wailesiyo panagwira nchito munthu amene dzina lace silingasiyidwe m'mbiri iyi, Alick Nkhata. Iye anabadwira ku Kasama m'caka ca 1922, napita ndi asilikari ku Burma, ndipo atabwerako anayenda ndi Hugh Tracey, amene anali kuzungulira maiko a kuno ndi makina ojambulira nyimbo za m'midzi. Kumeneko Nkhata anaphunzira kulemekeza nyimbo za makolo. Atalowa nchito ya wailesi anasonkhanitsa anzace, nakhala gulu la anai lodziwika ndi dzina lace. Luso lace linali ili: anali kutenga nyimbo ya kumudzi, kapena nkhani ya m'tauni, naibveka mau ofewa ogwirizana pamwamba pa gitala, kotero kuti nkhalamba inazindikira nyimbo ya kwao, mnyamata namva kukoma kwa mbale za ku Amereka. Anaimba m'Cibemba, m'Cinyanja ndi m'zinenero zina, za cikondi, za mowa, za akazi ndi amuna otengeka ndi moyo wa m'tauni. "Shalapo" ndi "Taxi Driver" ziri mwa nyimbo zace zokumbukika. Pambuyo pace anatsogolera Lusaka Radio Band, imene inadzachedwa Big Gold Six.

Tsono apa ndipo paoneka mphamvu ya omvera. Mwa zonse zimene wailesi inali kuulutsa, anthu anakonda koposa cigawo cochedwa "Zimene Mwatifunsa". Munthu anali kugula sitampa, nalemba kalata ku Lusaka, kupempha nyimbo yakuti ndi kupereka moni kwa mkazi wace ku Petauke, kwa mlongo wace ku Dedza, kapena kwa mbale wace wotayika ku Wankie. Wosadziwa kulemba anali kupita kwa mphunzitsi. Makalatawo ndiwo anali kuuza ogwira nchito pa wailesi nyimbo imene anthu aifuna, ndipo nyimbo yopemphedwa kawirikawiri inali kukhala ndi moyo, yosapemphedwa nigona m'kabati. Peter Fraenkel, amene anagwira nchito pamodzi ndi Nkhata, anasimba za masiku amenewo m'buku lace lochedwa Wayaleshi, la caka ca 1959.

Koma cikondi ca khamu ciri ngati moto wa mapesi. Pamene Azungu anali kukakamiza citaganya ca maiko atatu, cimene cinayamba m'caka ca 1953, anthu anakwiya ndi zonse za Boma, ndi wailesi yomwe. Mphekesera zinabuka zakuti anthu akuda olankhula pa wailesi anagulidwa, ndi kuti ena ndiwo banyama, opopa anzao magazi usiku. Nkhata, amene dzulo lace anali wokondedwa, ananenedwa nao. Bodzalo linapita, ndipo iye anadzaimba nyimbo zolimbikitsa ufulu umene unafika pa 24 October 1964, nakhala mmodzi wa akuru a wailesi ya Zambia. Atapuma nchito anakalima ku Mkushi, ndipo komweko anaphedwa mu October 1978, pamene asilikari a Rhodesia anathira nkhondo msasa wa omenyera ufulu wa Zimbabwe pafupi ndi munda wace. Lero mseu umene uli ndi nyumba ya wailesi ya ZNBC ku Lusaka uchedwa Alick Nkhata Road.

Pali cisoni cina m'mbiri ya mbalezi. Oimba ambiri a masiku amenewo anali kulandira ndalama pang'ono tsiku lojambula, osalandiranso kanthu ngakhale mbale igulidwe ndi zikwi za anthu. Solomon Linda ndi Evening Birds anajambula "Mbube" ku Johannesburg m'caka ca 1939. Nyimboyo inaoloka nyanja, ndipo m'caka ca 1961 gulu la ku Amereka la Tokens linaiimba monga "The Lion Sleeps Tonight", nilemeretsa anthu ambiri. Linda anamwalira wosauka m'caka ca 1962, ndipo mlandu wa ana ace unakonzedwa m'caka ca 2006. A Manhattan Brothers anapita ku London ndi sewero la King Kong m'caka ca 1961, nakhala kunja zaka zambiri cifukwa ca tsankho la kwao. Ku Zambia mbale zinayamba kuumbidwa m'dziko momwemo m'zaka za m'ma 1970, ku Ndola, ndi kampani ya Teal. Koma pamenepo acinyamata anali atatembenukira ku magitala a magetsi, ndipo kuimba kwa mau anai kunabwerera kumene kunacokera, ku makwaya a mipingo ndi a masukulu.

Zimene zinapulumuka zinapulumuka cifukwa wina anazikonda. Zojambula za Hugh Tracey zisungika ku International Library of African Music, imene iye anaiyamba m'caka ca 1954, ndipo tsopano iri pa Rhodes University ku South Africa. Nyimbo zina za Nkhata zinasonkhanitsidwa ndi kampani ya RetroAfric ku London, niziturukanso m'caka ca 1991, kotero kuti mdzukulu wa ku Chelstone akhoza kumva lero cimene agogo ace anamva pa sefuliya ija. Koma timagulu tambiri ta m'makomboni ndi m'masukulu sitinafike konse pa makina, ndipo mbale ndi matepi zimaonongeka ndi kutentha, cinyontho ndi pfumbi. Ngakhale tinyumba ta Kabwata tinagwetsedwa, kupatula towerengeka timene tinasanduka Kabwata Cultural Village m'caka ca 1974.

Nchito yotsala iri m'manja mwa aphunzitsi a kumidzi, monga momwe makalata aja anali m'manja mwao. Mwana amene anali wa zaka 10 m'caka ca 1955 lero ndi nkhalamba yopitirira zaka 75, ndipo pafupi ndi sukulu iri yonse alipo wotere amene akumbukira nyimbo imodzi kapena ziwiri, ndi liu limene iye anali kugwira. Mphunzitsi apite kwa iye mwaulemu, apemphe cilolezo, ajambule ndi foni, alembe mau ace, dzina la woimba, malo ndi caka. Akapeza mbale yakale m'nyumba ya munthu, alangize mwini kuti aiimike ciriri pa mthunzi, asaiyese ndi nsingano ya dzimbiri. Atatero agawire ana ace nyimboyo m'mizere inai, naitane nkhalambayo idzamve ndi kuwakonza pamene aphonya. Akuru anati mau a akuluakulu akoma akagonera. Koma agonera pokhapo pali wina wowasunga.