Viza: Chilolezo cha Mlendo

Mawu oti viza amamveka kawirikawiri pakati pa apaulendo mu Lusaka, koma ambiri amawasokoneza ndi pasipoti. Pasipoti ndi chiphaso chimene boma la kwanu limakupatsani posonyeza kuti ndinu nzika yake. Viza ndi chilolezo chochokera ku dziko limene mukupitako, chokulolani kufika pachipata n'kupempha kulowa. Wodinda masiku oti mukhale ndi wogwira ntchito pachipatapo.

Akuluakulu a ku Kabwata ndi ku Chelstone amatchulabe mapepala onsewa kuti chitupa, dzina la chiphaso chimene atsamunda ankakakamiza anthu akuda kunyamula, chomwe ambiri anachitentha mu 1961 pomenyera ufulu.

Ku Zambia mlendo wamba amaloledwa masiku 90 pa miyezi 12, pamene wobwerera bizinesi amapatsidwa masiku 30. Lamuloli silisankha njira yofikira: mlendo wotsika ngalawa padoko la Mpulungu, panyanja ya Tanganyika, amawerengeredwa masiku mofanana ndi wotsika basi pasiteshoni ya Intercity mu Lusaka. Wofuna kukhalitsa apemphe chilolezo china ku nthambi yoona za anthu olowa ndi kutuluka, yomwe likulu lake lili ku Kent Building mu Lusaka.

Amalawi safunikira viza polowa m'Zambia, koma malire a masiku amawakhudzabe. Alendo a mayiko ena amagula KAZA Univisa pa madola 50, yoyendera Zambia ndi Zimbabwe kwa masiku 30.

Inu apaulendo, yang'anani tsiku limene ladindidwa m'pasipoti yanu, ndipo kapempheni masiku owonjezera lisanakwane.